Foni ya Chido

Yunike sanagogode. Anangokankha chitseko cha kalasi, mwana wake Chido ali pambuyo, n'kufunsa kuti wolanda mafoni a ana a eni ndi uti. Mayi Wadzanai, aphunzitsi a giredi sikisi, anamulozera mpando. Iye anakana. Matimati ake anali atasiyira mnzake wosadziwa kunenerera, ndipo kunyumba mwamuna wake Staford, amene fumbi la mumgodi linamudya chifuwa, ankangosanza chiyambire sabata yatha.

Foniyo sanachite kutola, anatero. Sukulu yomweyi ndi imene inalamula nthawi ya mliri kuti ana aziphunzirira pafoni, iye n'kugulitsa mbuzi yake ya kumudzi ku Musana. Lero yasanduka mlandu?

Aphunzitsiwo anayankha mofatsa kuti anaisunga dala kuti kholo libwere, chifukwa mayeso aliwonse Chido akumabweza pepala loyera.

Yunike anaseka mowawidwa mtima. Sukulu anailekeza giredi thu, inde, koma mwana wake ankamudziwa. Makadi a kuchipatala amawerenga ndani? Nanga mauthenga a kutchalitchi? Chido amangoika kachingwe kukhutu, n'kuunikira pepala ndi foni poti m'nyumba mwawo ndi mwamdima, basi zonse n'kumazimasulira ngati nesi. Ngakhale sabata yatha, foni italandidwa kale, mankhwala atsopano a bambo ake atabwera ndi mneba kuchokera kukiliniki, anawerenga ndi yemweyu.

"Ndiye musandiuze zoti ndinabala mbuli, madamu. Olephera ndi inu."

Anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa kabotolo ka mankhwalawo. Anali atakatenga kunyumba kuti pobwerera akawakalipire a kukiliniki za kusanzako.

"Werenga, mwanangu. Awa amve."

Chido anakagwira ndi manja awiri.

"Mapiritsi awiri m'mawa, awiri madzulo," ananong'ona, maso ali pasimenti.

Yunike anatembenukira aphunzitsi, manja ali m'chiuno. Akufunanso umboni wanji? Abweze foni, iye azipita.

Mayi Wadzanai analandira kabotoloko, n'kukayang'ana nthawi yaitali. Nkhope yawo inagwa. Anatsegula kabati, n'kutulutsa foni ija, kusolola kachingwe, kenaka n'kuipereka kwa mtsikanayo.

"Chita mmene umachitira kunyumba, Chido. Koma amayi ako amve."

Chido anaunikira kabotolo monga mwa masiku onse. Mufoni munatuluka mawu a mzimayi, akuwerenga Chingerezi cha pabotolopo liwu ndi liwu. Yunike anayang'ana foni, anayang'ana khutu la mwana wake lopanda chingwe, ndipo manja anatsika okha m'chiuno.

"Ikuti chani?"

Chido anamasulira monga ankachitira nthawi zonse, misozi ikugwera payunifolomu.

"Ikuti limodzi patsiku, amayi."