Mikanda ya kolona ndi singano za pa Chimbiya

Panali mayi wina ku Lobi, dzina lake Magadalena, amene anachira khansa ya m'bere. Matenda anapita, koma mankhwala a mu diripi amene ankalandira anamusiyira dzanzi m'zala, kwinaku m'kati mukuyaka ngati wagwira tsabola.

Ululuwo akanaupirira. Koma mayiyu ndiye ankatsogolera kolona kumphakati wa tchalitchi chawo, ndipo tsopano mikanda inkadutsa m'zala osaimva. Ankasokoneza, anzake n'kumamukonza mwaulemu. Mtima wake unkalira. Ankangolakalaka atamvanso kamkanda kamodzi pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala.

Nesi wa kuchipatala anamuuza kuti, "Amayi, ilipo njira yobaya tisingano topyapyala, ena imawathandiza. Koma dikirani tikupezereni oiphunzira. Musakabayitse kwa munthu wamba, dzanja la dzanzi silimva likavulala."

Okutobala, mwezi wa kolona, unali pafupi. Tsiku lina akudikira minibasi pa Chimbiya, bambo wina wovala tayi anamuona akutikita zala.

"Mayi, vuto limenelo ndi langa. Ndinaphunzira kwa Atchaina."

Tayi ija inamumaliza Magadalena. Bamboyo anamubaya m'zala kuseri kwa golosale ndi singano za m'kabotolo, zomwe anali atabayira kale anthu ena.

"Zikupweteka?"

"Ayi, sindikumva kanthu."

"Mwaona? Ukatswiri ndi umenewo."

Dzanja litayamba kutupa, amuna ake, a Timoteyo, anati, "Amake Pilira, tiyeni kuchipatala."

"Dikirani abambo, anandiuza kuti ikatupa ndiye kuti mitsempha ikudzuka."

Anadikira, akuyesa mikanda m'mawa uliwonse, kuti mwina lero aimva. Pomwe ankafika kuchipatala, zala ziwiri zinali zitada bii. Madokotala anadula chachikulu ndi chamkombaphala. Bambo wa tayi uja sanaonekenso pa Chimbiya.

Okutobala utafika, kolona anatsogolera wina. Magadalena anakhala kumbuyo, a Timoteyo atamugwirira mikanda, akumamugunda pabondo pemphero lililonse likatha. Akuti pobwerera kunyumba Magadalena anayang'ana dzanja lake nthawi yaitali, kenako n'kunena chapansipansi:

"Abambo, ndalisowa dzanzi lija. Bola zala zinalipo."

Phunziro: Kuona maso a nkhono n'kudekha. Njira yabwino ikagwera m'manja mwa wosaidziwa imapweteka. Musanabayitse singano iliyonse, funsani a chipatala, ndipo malo a dzanzi akatupa musadikire. Tumizirani ena, makamaka amene akusamalira wochira khansa.