Kambendera pa Shafuti

Mpira wachisanu nawonso unathawira kumanja. Pa sikirini ya mushopu ya a Chileshe ku Croydon, mzere wofiira wosonyeza njira ya mpirawo unakhota ngati chikwakwa n'kukagwera m'tchire lojambula.

Chiso sanadzutse nkhope. Anali ndi zaka 16, ndipo kwa milungu isanu ndodo yake yaikulu ya gofu inali itamukana. Loweruka kunali mayeso olowera mutimu ya atsikana ya m'chigawo. Malo anatsala amodzi. Owafuna anali awiri: iye ndi Lushomo, mnzake wa kuyambira kupulayimale.

"Menya futi, mwana wanga," anatero a Chileshe, bambo wa ku Lusaka amene kochi wa Chiso anamutumizako. Ntchito yawo inali kusankhira anthu shafuti, thunthu la ndodo kuchokera pogwirira kufika kumutu. Wamphamvu zambiri amafuna yolimba. Wamanja opepuka amafuna yofewa, yoti izipindika pang'ono n'kumuthandiza kukankha mpira.

Chiso anamenya. Kumanja.

Panja kunkawaza mvula. Mayi ake anali m'galimoto kutsogolo kwa zenera, atavala magalasi akuda, injini ikulira. Anakana kulowa, ati pamenepo saloleza kuimika nthawi yaitali. Chiso anawamvera chisoni. Zaka zitatu sanajombepo kumuperekeza kugofu Loweruka ndi limodzi lomwe. Inde, ankakonda kunena kuti gofu ndi wabwino koma udokotala sudikira munthu. Komabe milungu yonse isanuyi ndi iwo amene ankamupukuta misozi, akunena chapansipansi kuti mwina Mulungu akumulozera kwina.

A Chileshe anatenga ndodoyo, naitsamiritsa pansi, naikanikiza. Sinapindike. Anakwinya nkhope.

"Liwiro la manja yako lifuna shafuti yofewa, ya chilembo L. Manje iyi ni chani?"

"Ndi ya L, ankolo. Ndinasankha ndekha."

Chilembocho chinali pansi pa sitika ya mbendera ya Malawi imene Chiso anamata tsiku lomwe anagula ndodoyo. A Chileshe anaimatula ndi chikhadabo. Panatulukira X.

"Iyi ni ya azibambo omenya monga akuwaza nkhuni. Iwe ungamenye mpaka Khirisimasi, mpira siuzapita kutsogolo. Wina anakusinthira."

Chiso anamva m'makutu kutentha. Milungu isanu yapitayo anagona ndi chimfine. Lushomo anabwereka ndodoyi masiku awiri, ati yake yasweka chogwirira, ndipo pobweza sanakwere n'komwe kuchipinda kudzamuona. Anangoisiya pakhomo m'manja mwa mayi ake a Chiso. Kuyambira pamenepo Lushomo ankapambana mpikisano uliwonse. Akatero ankamugulira tchipisi pa siteji ya tiramu, kasitima ka mumsewu, n'kumamusisita kumsana. "Zimachitika, Chi. Zibwerera."

Zibwerera! Chiso si munthu wolongolola. Kusukulu aphunzitsi ena anatha chaka chonse osadziwa mawu ake. Koma zala zake zinathamanga pafoni zisanafunse mutu. *Ndadziwa zimene unachita ndi ndodo yanga. Malowo tenga. Usadzandiyankhulenso.* Anawonjezera mawu ena awiri amene sanawatchulepo chibadwire. Anatumiza kwa Lushomo. Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo. Foni inayamba kulira, dzina la Lushomo likuphethira. Anaizimitsa.

A Chileshe anamupatsa ndodo ina ya shafuti yofewa. Chiso anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi, naima bwino, namenya. Mzere wofiira unanyamuka, unakwera, unawongoka mpaka pakati penipeni pa bwalo. Sikuti manja ake anaiwala ayi. Chinthu choyamba chimene anaganiza chinali kuthamangira panja kukauza mayi ake.

Atatembenuka anapeza a Chileshe akuzunguza ndodo yakale ija pansi pa nyale, akuyang'anitsitsa polumikizira mutu.

"Iyi ni nchito yanga," anatero mwapang'onopang'ono. "Nakumbuka manje. Kambendera aka ninakamatula ine pa shafuti yakale."

"Anali mtsikana wamtali eti, ankolo? Woluka tsitsi lofika m'chiuno?"

"Mtsikana? Iyayi."

A Chileshe anakweza maso n'kuyang'ana kudzera pazenera. M'galimoto muja mayi ake a Chiso anali atavula magalasi kuti apukute nthunzi.

"Si aja apo? Anati ndodo ni ya amuna awo, nibwezere chabe kambendera pamwamba pa chilembo."

Maso a mayi ake atakumana ndi a Chiso, anavalanso magalasi aja.