Munda wa ku Karonga

Tusekele anasuzumira pawindo. Pakhomo panali Randy, neba wake mumzinda wa Lawrence ku Amereka, mzungu wosunga mfuti ndi zitini za chakudya podikira tsiku limene Amereka idzagwe. M'manja anali ndi mapepala, ndipo viza ya Tusekele inali itatha kale.

"Basi, wandinenera ku imigireshoni," ananong'ona Tusekele. Anatsegula chitseko pang'ono.

"Kuno kuipa posachedwa," anatero Randy m'Chingerezi, akumuonetsa mapepalawo. "Ndikuthawira kwanu ku Malawi. Ndipemphe chilolezo cha bizinesi kapena chokhazikika? Nanga munda wanu wa mpunga wa ku Karonga uja, simungandibwereke?"

Mundawo Tusekele anali ataugulitsa kale kuti agule tikiti ya ku Amereka.