Ba Ojiisan batembenuza mpando

Foni ya vidiyo italila, batate bake Eneless banatembenuza mpando kuyang'ana ku chipupa. Banalumbila, komboni yonse ya Chawama inamva, kuti nkhope ya mwana wao uja sabazaionanso, pakuti anakwatiwa ku Japan kopanda olo nsalamu, kandalama kofunsila mbeta.

Ine n'nakhala bwino pa mpasa, foni m'manja. Ndeo ya m'nyumba muno siniiphonya, ikoma kupambana mafilimu.

"Amai, atate balipo?" anafunsa Eneless.

"Balipo, mwanawe. Bakamba na chipupa, ndiye m'bale wao watsala."

Pamenepo pa foni panabwela kamdzukulu kathu ka zaka zitatu, kamene sitinakanyamulepo. Kanaona msana wa mdala, kanaika manja m'mbali, n'kuwelama mpaka mutu kugunda foni.

"Ojiisan!"

Khutu la mdala linagwedela. "Kanitukwana?" banafunsa chipupa.

"Ni Chijapanizi, atate," anati Eneless. "Ndiye kuti ambuye bamuna. Sabata yonse kaphunzila kukupatsani moni. Kawelama, ndipo sikazauka mpaka muyankhe."

"Kasiyeni kathyoke msana," n'natelo ine. "Banthu bolumbila sabatembenuka."

Mpando unakhwekhweleza pa simenti. Mdala banavula chisote, maso pa foni, kunizemba ine.

"Uka, iwe. Wati ndine ndani? Bwelezanso pang'onopang'ono."

"O-jii-san."

"Ojiisan," banayesa, mano yao yatatu yonse panja.

Ndeo yanga inathela pamenepo, koma sininadandaule. Lumbilo lija nizabakumbutsa mawa pa tiyi.