Chigamba cha Mayi Veronika

A Alufeo anachotsa simbi pachigamba nthawi isanakwane, ndipo ankadziwa zimene ankachita. Zaka makumi awiri akumata machubu pa Bembeke si masewera. Mphira yaiwisi ndi yopusa: kukatentha imamatirira zala, chisanu cha Juni chikafika imauma n'kusweka. Koma ukaiphika bwino ndi sulufule wake, timinyewa take timagwirana, ukaikoka imabwerera. Chigamba chotere chimafera limodzi ndi chubu.

Cha mayi Veronika chokha ndiye sankachipsetsa.

Chimutengereni mwana wa a Alufeo, Kenan, pa nkhani ya khadi la chipani, anthu ankalolera kukankha njinga zakuphwa mpaka ku Dedza kusiyana n'kuoneka pakhonde pawo. Moni ankachita kuponyera patali. Tsiku lonse a Alufeo ankacheza ndi makala, ndipo kusungulumwako kunkawapweteka.

Wobwera anali mmodzi, mayi Veronika, wamasiye wogulitsa kachewere. Anakhalapo ku Bulawayo, amuna awo akugwira ntchito kufakitale ya matayala. Sabata ikatha chigamba chinkamatuka, Loweruka iwo n'kutulukira. Ankakhala pabenchi, kukamba za mvula, uku akusoka thumba ndi singano yomwe inkakhala paduku. Pomaliza ankadina chigamba ndi chikhadabo, kuchinunkhiza, n'kuthokoza. Akudziwa chiyani za mphira amenewa, ankatero a Alufeo mumtima, manyazi ali tho.

Loweruka lina mayiwo anafika akutsimphina, bondo lili magazi. Tayala linawaphwera potsetsereka, kachewere yense mbwee mumsewu. A Alufeo sanathe kuwayang'ana kumaso. Anakoleza makala, nasiya simbi pachigamba mpaka chinapsa bwinobwino. Njinga ikuchoka, anadziwa kuti benchi lija latsala lokha.

Sabata inayenda ngati chaka. Loweruka masana ali ndwii, anangomva kulira kwa limu ya njinga pamiyala. Mayi Veronika, akukankha njinga.

"Sizingatheke, mayi. Chamatukanso?"

Anamiza chubu m'beseni la madzi. Chigamba chinali gwa. Thovu linkatulukira pambali, pa kabowo kakang'ono kosalala.

"A Alufeo, mphira yosapsa ine ndimaidziwira fungo," anatero mayiwo, akusomeka bwino singano paduku. "Sabata yatha munapsetsa, mwandipatsa ntchito."

Anakhala pabenchi.