Efraimu Anakana Khoka Lake Pamaso pa Mboni

Panali munthu wina ku Mbamba Bay, m'dziko la Tanzania, dzina lake Efraimu, ndipo amene anandisimbira nkhaniyi analumbira kuti ndi yoona. Efraimuyo anachoka ku Malawi ali mnyamata, nakhala zaka zambiri akukokera anthu makoka mpaka anagula lake la chilimira. Khokalo ndi lomwe linkadyetsa banja lake pamodzi ndi alovi asanu amene ankapita naye panyanja.

Mnzake wapamtima anali Venance, mbadwa ya komweko, yemwe anaimira mwana wa Efraimu, Sesilia, pa ubatizo. Awiriwa ankadyera mbale imodzi.

Inali nthawi ya ujamaa, ndale za ku Tanzania zogwirira ntchito pamodzi, pamene Malawi ndi Tanzania sankamwerana madzi, ndipo wobwera aliyense ankayenda mtima uli m'mwamba. Tsiku lina Venance anafika ndi kalata yotayipa m'Chiswahili, pansi pali chidindo.

"Ndugu, mbale wanga, zinthu zavuta," anatero. "Munthu wa ku mahakama, kubwalo la milandu kuja, wandipatsira iyi. Akuti khoka lako ndi la magendo, unalilowetsa mozemba kuchokera ku Nkhata Bay. Alilanda, iweyo akubweza kwanu."

"Koma ndinaligula ku Songea, risiti ilipo."

"Risiti ya Mmalawi aiwerenga ndani? Njira ndi imodzi. Tipite kwa balozi, mkulu woyang'anira nyumba khumi, ukanene kuti khokali ndi langa, iwe umangobwereka. Katundu wa mbadwa salanda. Zikazizira ndidzakubwezera."

Mkazi wa Efraimu, Hilda, sizinamukhalire bwino.

"Bambo a Sesilia, kalata ya boma imayenda bwanji m'thumba la mnzanu? Bwalo la milandu lili apa, sipofuna bwato. Pitani mukafunse."

"Ndikadzipereke ndekha? Inu za boma mukuzidziwa?"

Mantha ndi oipa, abale. Bambo wolimba mtima pa mwera, pepala limodzi linamugwetsa ulesi. M'mawa mwake anaima pamaso pa balozi ndi mboni ziwiri, nanena ndi pakamwa pake kuti khokalo si lake, nkudinda chala. Analisenza yekha kukalitula kwa Venance, ndipo anathokoza.

Miyezi itatu inatha Efraimu akubisala akaona aliyense wovala khaki. Venance ankapha usipa ndi khokalo "kuti anthu asakayike," nkumatumiza kambale ka ndiwo kwa Hilda. Kenako anabweranso ndi kalata yachiwiri, yonena kuti tsopano boma likufuna kulanda mabwato a Efraimu.

Apa Hilda anatulutsa risiti m'Baibulo momwe ankaisunga, naiika pa makalata awiri aja.

"Mukapanda kupita, ndipita ine. Akamanga, amange ine."

Manyazi anamudzutsa Efraimu. Anatenga makalata aja napita kubwalo la milandu. Kalaliki wa bwalo anawerenga makalatawo, nafufuza m'mabuku a milandu.

"Mzee, dzina lanu mulibe muno. Palibe anakusumirani. Chidindo ichi si chathu. Mukanabwera tsiku lomwelo, tikanakuuzani musanakhale nkomwe pansi."

Tsiku lomwelo Efraimu anasumira Venance. Pamaso pa woweruza, Venance anakana kuti makalatawo sanawaonepo, ndipo woti amutsutse panalibe kupatula Hilda, amene anthu anati angoikira kumbuyo mwamuna wake. Za risiti Venance anati ndiye anamutuma Efraimu ku Songea kukamugulira khokalo. Kenako anatulutsa pepala la kwa balozi.

"Chala ichi ndi chanu?" woweruza anafunsa Efraimu.

"Ndi changa."

"Alipo anakukakamizani?"

"Ayi."

"Ndiye mukufuna ndikhulupirire Efraimu uti, wa tsiku lija kapena wa lero?"

Mabwato anapulumuka chifukwa ulendo uno anaima nji. Khoka linapita. Chomwe chinamupweteka koposa sichinali khokalo ayi, koma kukumbukira kuti tsiku lija anathokoza.

Patatha sabata anakumana kugombe. Khoka linali litayanikidwa pamchenga, zigamba zonse zimene Efraimu anasoka ndi manja ake zikuoneka. Venance anamuyandikira opanda ndi manyazi omwe.

"Ndugu, tisadane. Ana asagone ndi njala. Ndikusowa mlovi mmodzi, ndipo palibe amalidziwa khokali kuposa iwe."

Efraimu anamufulatira nachoka. Panyumba anauza Hilda kuti Sesilia asadzamutchulenso munthu uja kuti baba.

Phunziro: Munthu akakuopsezani ndi lamulo, musathawe ndipo musabise katundu wanu m'dzina la wina. Tengani kalatayo, pitani nokha komwe akuti yachokera, mukafunse. Chenjerani ndi munthu amene wabweretsa mantha ndi njira yothawira tsiku limodzi, ngakhale mumadya naye. Musaisunge nokha nkhaniyi, ipatsireni aliyense amene ali ndi kabizinesi kake asanadinde chala.