Fyuluta ya Utsi Imafuna Anthu Awiri

Chikhazikitsire lamulo la utsi, thirakitala imadzitseka yokha fyuluta yosefa utsi ikadzaza mwaye, ndipo oitsegula ndi ogulitsa okha, pa foni.

Ya Nachisale inadzitseka mvula yoyamba itagwa, munda usanalimidwe. Anaimba foni masiku atatu. Tsiku lachinayi kunayankha wogulitsa.

"Mayi, makina akuonetsa kuti mwezi wathawu munaiyendetsa pang'onopang'ono tsiku lonse. Mwaye umapsa injini ikatentha. Munanyamula chiyani, mazira?"

"Bokosi la amuna anga, ndi olira," anatero Nachisale. "Kumanda sitithamanga, bambo."



"Pepani, mayi. Ndaitsegula kwa mphindi khumi. Wina aponde mafuta, inu mugwire batani lofiira kumbuyoko. Pamafunika anthu awiri."

Nachisale anayang'ana pabwalo. Ana anabwerera kutauni, achibale anabalalika kalekale, panatsala nkhuku basi. Analowa m'nyumba, natenga jombo ya malemuwo kuseri kwa chitseko, naidzaza miyala, naikhazika popondera mafuta. Anathamangira kumbuyo n'kugwira batani lija. Injini inabangula mpaka malata ananjenjemera.

"Zatheka!" anakuwa wogulitsa uja. "Muwathokoze akupondawo, mwendo wawo sukugwedera."

"Amva," anatero Nachisale.